Wenzulo M'dera la Bambo

12 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndamva kuti akukwezani, tsopano muziyimbira mpira wa basiketi wa m'makoleji. Ndakondwa kwambiri. Mwapempha malangizo kwa ine amene ndinakutsogolerani kumeneko, ndipo ndikupatsani.

Osewera a ku koleji si tiana ta kusekondale tija mumatiopseza ndi diso. Awa ndi zimphona, ndipo pakamwa ndi pakuthwa. Makochi adzakutchulani mayina amene amayi sanakupatseni, inu muzingomeza mate. Koma lamulo lalikulu ndi lija bambo anatiphunzitsa tisanagwire n'komwe wenzulo: oyimbira amakhala atatu, aliyense ali ndi dera lake, ndipo kuimba wenzulo m'dera la mnzako ndi kumuvula pagulu.

Loweruka lapitali anandiika kuyimbira limodzi ndi bambo. Ndinanyada mpaka kupolisha nsapato kawiri. Pa tebulo panakhala mayi woyang'anira oyimbira, uja timamutcha Adiso, amene anabwera kudzaona ngati ndikuyenera kukhalabe ku makoleji.

M'chigawo chomaliza wosewera wina analumpha kuti aponye, mnzake n'kumukankha ali m'malere. Anagwa chagada, mutu n'kugunda pansi. Zinachitikira pansi pa basiketi, m'dera la bambo, pafupi moti akanatambasula dzanja akanamugwira. Ndinadikira. Nkhope ya bambo inali italoza pomwepo, wenzulo ili pakamwa, koma kunali zii. Anthu m'holo monse anayamba kukuwa. Ndinaimba ine.

Ndikupita ku tebulo kukanena nambala ya wolakwa, bambo anandiyandikira. Ndinati lero ndilalatiridwa pamaso pa anthu. Iwo anangonong'ona kuti, "Wagwayu ndi wa timu iti?"

Achemwali, taganizani. Timu ina inavala zoyera, ina zofiira.

Masewero atatha, Adiso anatipeza m'chipinda chosinthira zovala. "Mwaimbiranji m'dera la eni ake?" anandifunsa. "Kapena akuluwa sanaone?"

Bambo anali akumasula zingwe za nsapato, mutu uli pansi. Ndinayankha kuti, "Anaona, mayi. Anatsala pang'ono kuimba, ine ndiye ndinapupuluma."

"Opupuluma kuno sitiwafuna," anatero Adiso. "Bwererani kusekondale mukakhwime kaye."

Panja bambo anandipatsa makiyi a galimoto yawo, ija sitiloledwa ngakhale kuitsamira. Tili m'njira, anayamba okha kulankhula.

"Diso lakumanzereli linayamba chaka chatha. Pano lakumanja nalonso muli chifunga. Ndimayimbira ndi makutu, mwana wanga. Nsapato ikalira ndimamva, thupi likagunda thupi ndimamva. Lero anthu anachita phokoso kwambiri."

"Amayi akudziwa?" ndinafunsa.

"Ukawauza andilanda wenzulo. Ndiye pakhomo paja ndizikhala ngati ndani?"

Sananene kuti zikomo, sananene kuti pepa. Tsiku limenelo anayendetsa okha galimoto popita, ine ndili pambali ndikuwauza nthabwala, osadziwa kanthu. 

Sindikubisirani, ndakwiya. Malo amene ndinawavutikira apita chifukwa cha bodza la pakamwa panga pomwe, ndipo amene ndinawaikira kumbuyo akuyimbirabe. Koma ndikawaona akufufuza kapu patebulo ndi nsonga za zala, kwinaku akuseka ngati akungosewera, mkwiyo umasanduka mantha. Wosewera uja anadzuka, anangotupa chabe. Nanga wina akadzagwa osadzuka?

Tsopano nayi nkhani imene yandilembetsa kalatayi. Adiso akuti pa masewero anu oyamba akuikani ndi bambo, kuti woyamba kumene akhale pafupi ndi munthu wodziwa ntchito. Wina akadzagwa pamaso pawo, mukadzakhala chete mudzalakwa, mukadzaimba mudzanditsatira kusekondale, mukadzanena zoona ndinu amene mudzawavule wenzulo m'khosi. Pamenepa langizo ndilibe. Ine ndinasankha njira yanga, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ndinachita bwino.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi ali bwino, akukupatsani moni, ndipo akuti ine andibweza chifukwa cha phuma langa la kuubwana. Ndinavomera.

Bambo nawonso akupereka moni. Akuti ndikuuzeni kuti ali ndi mphamvu ndipo akuyembekezera tsiku limenelo ndi mtima wonse. Dzulo asita okha malaya awo oyimbirira, n'kuwakoleka pachitseko kuti aliyense aone. Simbi yawotcha kumsana, pali chibowo cholowa dzanja. Akudutsa pamenepo akumwetulira, ndipo ine sindinawauze.

Ndine mlongo wanu,
amene akukudikirani.