Kalata Imene Ndinakopera pa Intaneti

Lachiwiri, 11 Malichi 2025

Kalasi yachitatu ku shedi ya kalabu ya alimi a tiyi, ku Nchilamwela. Ophunzira khumi ndi anayi, laputopu imodzi, netiweki yogwira pa zenera limodzi lokha. A bungwe amene anandituma anati miyezi itatu, Chingerezi cha bizinesi, pogwiritsa ntchito intaneti. Iwo ali ku Blantyre pa mipando yozungulira. Ine kuno matope mpaka m'akakolo.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Mayi wina wa ku Ulaya analawa tiyi wawo wopota pamanja, wamukonda. Akufuna kalata kaye, kenako kulankhulana pa vidiyo. Zikatheka, kalabu isiya kudalira sikelo ya ku esiteti yokha. Wokalankhula naye ndi wapampando wa kalabu, a Yesaya Malizani. Zaka makumi atatu pa ukapitawo ku esiteti. Ndi amene anayenda khomo ndi khomo kuyambitsa kalabuyi. Chisankho chili mu Epulo, ndipo ena ayamba kale kunong'ona kuti bamboyo akalamba. Wogulayu akathawa, mpando nawo wapita.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndinawayesa ndi pulogalamu ya pa foni yomwe imafunsa mafunso ngati wogula. Foni itangolankhula, a Yesaya anavula chipewa. Mungatumize katundu mawa? "Yes, madam." Mungatsitse mtengo ndi theka? "Yes, madam." Koma abale! Mtima unandipsa. Ndinati bambo, uyu si manijala, ndi foni iyi, ikaneni.

Anandiyankha mofatsa: "Aphunzitsi, ku esiteti munthu wokana ankabwerera kunyumba dzuwa lisanakwere."

Manyazi. Komabe ndinawauza kuti pa malonda kukana si mwano. Analemba mawuwo m'kope lawo, zilembo zikuluzikulu.

Lachiwiri, 18 Malichi

Kalata yapita! Ndinapeza chitsanzo pa intaneti, cha kampani ina yogulitsa kunja. Chingerezi chosalala, chonona. Ndinangosintha mayina ndi katundu. Muli chiganizo chonena kuti tidzatumiza mlingo wofanana mwezi uliwonse, chaka chonse, osadukiza. Ndinachikonda kwambiri chiganizo chimenecho.

Ndinawerenga mokweza, n'kumasulira m'Chichewa mzere ndi mzere. Ndinafunsa ngati zili bwino. Zii. Kumbuyo amayi awiri ananong'onezana m'Chilomwe, chimene ine sindimva. Kenako a Yesaya: "Mwalemba bwino, aphunzitsi." Dzina lawo pansi, imelo n'kutumiza. Kope lina ndatumiza ku ofesi kuti aone kuti ine Mervis sindikugona kuno.

Loweruka, 22 Malichi

Mayi uja wayankha. Wasangalala, makamaka ndi nkhani ya mwezi uliwonse. Vidiyo pa 1 Epulo.

Pa gulu lathu la WhatsApp ndikutumiza mafunso, iwo akuyankha pojambula mawu. Ambiri ulesi. A Yesaya tsiku lililonse, osaphonya. Amati amakwera pa chulu kuseri kwa tchalitchi kuti uthenga udutse. Katchulidwe kayamba kuwongoka. Koma mawu awo ndi olemera, ngati munthu amene sakupeza bwino. Ndawafunsa, akuti ndi chimfine chabe.

Lachinayi, 27 Malichi



Titaweruka anandiperekeza ku msewu a Kulusumu, mlembi wa kalabu. Ali pa kusala kwa Ramadani, milomo gwa, salankhula zambiri masiku ano. Tikudutsa m'munda mwawo anaima. Tiyi wobiriwira mbali zonse, wofika m'chiuno. Anati, "Madamu, munayamba mwafikako kuno mu Julaye?"

Sindinafikeko. Anandifotokozera ngati mwana. Mvula ikatha masamba amachepa. Mu Juni amayamba kudulira, tchire lonseli limatsala zitsa zofika m'mawondo. Kenako chiperoni, kuzizira, kenako dzuwa. Mpaka mvula igwenso, wothyola amabwerera ndi dengu losafika n'theka lomwe. Mlingo wa mu kalata uja angaukwanitse miyezi isanu basi.

Ndinakuwa pamsewu pomwepo. Bwanji simunanene tsiku lija?

"Inu ndinu aphunzitsi. Komanso zinachokera mu kompyuta. Ndiye a Yesaya atavomera, ife tikanati chiyani?"

Ine wobadwira ku Ndirande. Tiyi ndimamudziwira m'kapu. Milungu itatu ndikudutsa m'minda imeneyi, osafunsapo ngakhale funso limodzi.

Lachisanu, 28 Malichi

Ndapita kunyumba kwa a Yesaya. Anandipatsa mpando, iwo n'kukhala pa njerwa. Ndinayamba kufotokoza, anandidula.

"Ndinkadziwa, aphunzitsi. Koma ndikudzudzuleni pamaso pa ana anu a sukulu? Ndinati mwina ku bizinesi amalemba choncho."

Chimfine chija sichinali chimfine. Akuti chitumizireni kalatayo chakudya sichikulowa.

Ndinati ndilemba imelo ina, ndinene kuti wolakwa ndine. Anakana. "Ayi. Dzina lili pansi pa kalatayo ndi langa. Ndikanena ndekha, ndi pakamwa panga." Anangopempha kuti ndiwaphunzitse mawu atatu m'Chingerezi: kudulira, chilimwe, pepani. Tinabwereza mpaka nkhuku zinayamba kulowa m'khola.

Ndinabwerera mtima uli m'malo. Ndikuvomera pano, poti palibe wowerenga: ndinapepukidwa kuti dzina langa silitchulidwa.

Lachiwiri, 1 Epulo

Laputopu pa zenera, pamwamba pa madengu awiri ovundikira. A Yesaya m'jekete la ku tchalitchi. Anthu panja, osatsokomola n'komwe. Pepala limene ndinawalembera analitembenuza chafufumimba pa tebulo.

Moni anayenda bwino. Kenako mayi uja anafunsa za mwezi uliwonse zija. A Yesaya anayang'ana m'kamera momwemo, monga ndinawaphunzitsira. "No, madam. July, no leaf. Sorry." Anatulutsa mpeni wodulira m'thumba, n'kuuonetsa. Anafotokoza ndi Chingerezi chawo cha ku esiteti, choduka-duka, cha nyengo ndi zitsa ndi mvula. Sindinamvepo phunziro lomveka chotero chiyambire uphunzitsi wanga.

Mayiyo anangoyang'ana, osasuntha. Ndinkaganiza kuti netiweki yaima, koma maso ankaphethira. Anathokoza, anati aganiza.

Lachisanu, 4 Epulo

Imelo, mizere inayi. Akufuna katundu wa chaka chonse. Komanso kalata inanena zina, wapampando ananena zina, ndiye chaka chino ayi. Mwina m'tsogolo.

Ndamasulira pa gulu. 

Loweruka, 5 Epulo

Msonkhano wa chisankho. Shedi yodzaza, ena pa mawindo.

Anaimirira a Anderson, amene akhala akuufuna mpandowo. Anafunsa kuti bodza la mu kalata lija analemba ndani. Onse a m'kalasi mwanga ankadziwa. Palibe anandiyang'ana, kupatula a Kulusumu.

A Yesaya anaimirira pang'onopang'ono. "Ndine."

Ine ndinali pomwepo, pa benchi yakutsogolo, laputopu pamiyendo. Ndinaganiza za ku ofesi. Za lipoti langa. Za kalata yanga yokongola imene a ku ofesiko anaiyamikira.  Ine amene ndinakalipira munthu wamkulu kuti aphunzire kukana, sindinathe kunena ayi mmodzi.

Manja anakwezedwa. A Anderson apambana, kutali. A Yesaya anapereka chidindo ndi makiyi a shedi ndi manja awiri, n'kukakhala kumbuyo pa thumba la feteleza. Potuluka anandipatsa moni ngati masiku onse. Bola akanandilavulira.

Lamulungu, 6 Epulo

Ku tchalitchi sindinapite. M'mawa wonse ndi foni m'manja.

Ndajambula mawu katatu, katatu konse ndafufuta. Kachinayi ndatumiza pa gulu. M'Chichewa, osati Chingerezi. Ndati kalata ija ndinakopera pa intaneti ndine, za kudulira sindinkadziwa ndipo sindinafunse, a Yesaya alibe mlandu. Ndapempha kuti chisankho achionenso.

Amvetsera anthu khumi ndi mmodzi. A Kulusumu atumiza kachithunzi ka manja opemphera. A Anderson alemba kuti chisankho chinatha, malamulo a kalabu salola kubwereza.

Masana foni inaonetsa kuti a Yesaya akujambula mawu. Anasiya. Anayambanso. Uthenga wafika, waufupi, pa gulu pomwepo, onse akumva:

"Aphunzitsi, tamva. Koma mawu amenewa anafunika dzulo mu shedi muja, mutaimirira. Osati pa foni."

Ndamvetsera kasanu. Lachiwiri kuli kalasi. Ndikaima bwanji kutsogolo kuja, ndikayamba ndi mawu ati?