Ambulansi Yanga Yaliritsa Apongozi

Aphungu,

Ndine mnyamata wogula ndi kugulitsa nandolo pa Phalombe Boma, ndipo mwezi wathawu ndagula galimoto! Ndi ambulansi yakale imene chipatala china cha mishoni chimagulitsa pa okushoni. Aphungu, galimotoyo ndi ngwazi. Pamatope imangodutsa ngati pa tala, nyali yapadenga ikugwirabe, ndipo ndikaliza sairini ana onse apamsika amandithamangira. Chimwemwe chake, ndi kudya komwe ndikumaiwala.

Loweruka ndinati ndikaionetse kwa Chiwalo, kwawo kwa bwenzi langa Jenifer, amene tikukonzekera naye chinkhoswe. Ndinatchena suti, kumbuyo n'kuika kireti ya zakumwa. Poti msewu ndi wokumbika, ndinalowa m'mudzi pang'onopang'ono, nyali zili ngwee. Chomwe sindinadziwe n'chakuti amalume ake a Jenifer anali atagonekedwa m'chipatala. Anthu ataona ambulansi ikukwawa choncho anati yabweretsa maliro. Azimayi anayamba kubuma, apongozi anadzigwetsa pansi, anyamata n'kuyamba kuthyola masamba oika pamsewu. Ine ndikutsika ndikumwetulira, kireti ili m'manja.

Amalumewo anachira, koma akuti ndinawachitira malodza. Jenifer anandiuza kuti, "Musankhe, ine kapena chigalimoto chanu cha mitembocho." Pali bambo wina wa ku Michesi akufuna kuigula. Ndigulitse? Mtima wanga uli pa onse awiri.

W.M., Phalombe

A W.M.,

Ndaseka mpaka misozi, koma kumbukirani kuti misozi ya apongozi anu inali yeniyeni. Kumudzi aliyense amadziwa chomwe ambulansi yoyenda mozemba imanyamula. Inu nokha ndi amene chimwemwe chinakutsekani m'maso.

Yambani ndi kupepesa. Musapite nokha: tengani amalume anu ndi nkhuku, ndipo ulendo uno mupite panjinga. Kenako galimotoyo ivuleni zachipatala zonse. Sairini, nyali yapadenga, machira ndi zolemba za m'mbali mwake zichoke, musinthenso umwini ku ofesi yoona za magalimoto. Sairini si choseweretsa ana apamsika. Apolisi angakunjateni nayo, ndipo tsiku lina banja la wodwala lidzakuimitsani pamsewu n'kupeza m'kati muli matumba a nandolo okhaokha.

Ikatsala pa kupaka penti, mufunseni Jenifer kuti asankhe yekha mtundu. Akatchula mtundu, ngakhale mokwiya, dziwani kuti chinkhoswe chilipo.

Koma chenjerani, musamukakamize kukwera. Akakanitsitsa, itanani bambo wa ku Michesi uja mugulitse osacheuka. Galimoto mudzagula ina, koma sindinamvepo za ambulansi imene inaphikira mwini wake phala atadwala.

Aphungu