Foni ya Boma Inasankha Alamu Anu

Lütjenmoor,
9 Novembala

Okondedwa achemwali anga a Gesine,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Canada kumeneko pamodzi ndi ana ndi zidzukulu. Kuno ndi mvula ndi mphepo basi, Novembala wa kwathu mukumudziwa. Mukaona zilembo zanga zitapindika musati ndi ukalamba, ndi mkwiyo. Ndasankha kalata chifukwa masiku ano ndikangoiona foni mtima umachita kuwira.

Basi yathu aichotsa, achemwali. Ija yopita m'tauni m'mawa n'kubwerera masana. Isiya kuyenda pakati pa Disembala. Mukudziwa kuti alamu anu a Hinnerk maso anawavuta, ndipo mwezi ndi mwezi amakabayitsa jakisoni wa m'diso kuchipatala cha m'tauni. Adokotala anawaletsa kuyendetsa galimoto chaka chatha, ndipo ine chiwongolero sindinachigwirepo chibadwire. Mwana wathu Tjark ananena kale mosapsatira kuti basi ikadzatha, nyumba ino igulitsidwe, ife tikakhale m'kanyumba ka pamwamba pa nyumba yosanja pafupi ndi chipatala. Nyumba ya amayi, achemwali, momwe tinabadwira inu ndi ine!

Tamvani mmene zinayendera. Mu Seputembala, masana ena tikumwa khofi, foni inalira ndipo ndinayankha ndine. Anali mayi wina wa mawu osalala ngati wowerenga nkhani pa wailesi. Anati akuimba m'malo mwa boma la chigawo chathu, akuchita kafukufuku wa mmene anthu akumidzi amayendera, ndipo nambala yathu yasankhidwa ndi kompyuta. Mphekesera za basi tinali titazimva kale, ndiye ndinati lero ndi lero, boma landipeza lokha. Ndinachita kukoka mpando.

"Mwafika pa mwini nkhani, mayi," ndinatero. "Funsani, ndili nazo zambiri."

"Pepani, m'nyumbamo mumakhala akuluakulu angati?"

"Awiri, ine ndi amuna anga."

"Mwa awirinu, ndani tsiku lake lobadwa ladutsa posachedwapa?"

Ndinaseka. "Bwanji, boma layamba kutumiza makeke?"

Iye sanaseke. Anati limenelo ndi lamulo la kafukufuku wawo: amayankhula ndi amene tsiku lake lobadwa langodutsa kumene, kuti asamangomva maganizo a anthu othamangira foni okhaokha. Ine, kupusa kwanga kosatha kunama, ndinanena zoona, kuti alamu anu ndi a Ogasiti, ine wa Janyuwale.

"Ndiye mundipatse bambowo."

"Mayi inu, wodziwa nthawi ya basi ndine. Wowagwira dzanja pokwera ndine. Funsani ine!"

"Ndikumvetsa, mayi, koma sindiloledwa."

Ati sindiloledwa! Timati wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, koma boma likuti ayi, atsekule wobadwa mu Ogasiti.

Tsono alamu anu mukuwadziwa. Si omwe aja anathyoka mwendo atagwa pa thirakitala, n'kuyamba amaliza kukama ng'ombe asanauze munthu? Atangomva mawu a mzimayi wachilendo anakhala tsonga, n'kukonza kolala ngati akuwaona. Foni yathu imamvekera patali, mafunso onse ndinkawamva.

"Pakhomo panu pali galimoto?"

"Ilipo, yabwinobwino."

Ilipodi, achemwali, m'shedi, matayala ali phwa, mphaka anaberekeramo ana.

"Thanzi lanu mungati ndi labwino, lapakatikati, kapena loipa?"

"Labwino. Sitidandaula ife."

"Basi itati yachotsedwa, mungavutike kwambiri, pang'ono, kapena ayi?"

Apa ine ndikuwatsina, ndikuwaponda phazi, ndikugwedeza kapepala ka kuchipatala pamaso pawo, kuiwala kuti sangakaone n'komwe.

"Aa, ife tinazolowera kudzidalira. Njira sisowa."

"Ndiye ndilembe kuti ayi?"

"Lembani choncho."

Ndinawalanda foni. "Mayi, fufutani zimenezo! Akunama bambowa, maso alibe!" Anandiyankha mofatsa, kufatsa kopsetsa mtima kuja, kuti mayankho ndi a mwini wake ndipo wina sangawasinthe. Anatithokoza chifukwa cha nthawi yathu, foni n'kuduka.

"Bambo a Tjark, mwachita chiyani?" ndinawafunsa.

"Mumafuna ndimuuze munthu wosamudziwa kuti ndimayenda chogwiridwa dzanja ngati mwana?"

"Nanga si zoona?"

"Zoona zina n'za m'nyumba, mayi."

Sabata imeneyo anadya buledi wouma ndi khofi wozizira, ndipo sindikupepesa.

Ndinaimbanso pa nambala ija, anandiyankha ndi makina. Ndinaimba ku ofesi ya boma, anandiponya uku ndi uku mpaka ndinapeza bambo wina yemwe anati mayankho salembedwa maina, dala, pofuna kutiteteza, choncho la a Hinnerk sangalipeze kuti alikonze. Kutiteteza! Anawonjeza kuti yankho la munthu mmodzi silingasinthe kanthu. Ndinati, "Ngati silisintha kanthu, munatiimbiranji?"

Chondipweteka kwambiri ndinachimva pa khofi wa azimayi kutchalitchi. Enanso okwera basi anawaimbira ndithu. A Dörte, amasiye aja a pafupi ndi mlatho, anati, "Ine atangondifunsa kuti m'nyumba tilimo angati, ndinadula. Si ndi zomwe anatiphunzitsa apolisi?" Zoonadi, chaka chatha apolisi anabwera ku holo kudzatiuza ife okalamba kuti mlendo akaimba n'kumafunsa za m'nyumba, ndi mbava, tizidula pompo. Boma lomwelo lotiphunzitsa kudula foni ndi lomwe likutiimbira, kenako n'kumati wosayankha alibe vuto! Amene anayankha mpaka kumapeto ndi madoda onga alamu anu, oti ngakhale nyumba ikuyaka angati kwangofunda pang'ono. Koma mwini fakitale ya nkhuku uja, a kafukufukuwo anachita kupangana naye tsiku lomuimbira. Anawauza kuti antchito ake onse amabwera pa galimoto, ndipo za tsiku lake lobadwa palibe anamufunsa.

Sabata yatha nkhani inatuluka m'nyuzi, yoti kafukufuku wasonyeza kuti anthu ambiri akumidzi kuno ali ndi magalimoto, ali ndi thanzi, ndipo sadalira basi. Nyuzi ndimawawerengera ndine masiku ano, ndiye ndinawerenga mokweza dala, kawiri. Ndinkayembekeza kuti tikangana. Iwo anangodzuka, kufufuza ndodo yawo, n'kutuluka. Khofi atafika pozizira ndinawatsatira. Ndinawapeza m'shedi, atakhala m'galimoto muja, manja pa chiwongolero, zitseko zotseka. Ndinagogoda pa galasi, sanatembenuke. Mkwiyo wonse umene ndinawasungira unandithera pomwepo, achemwali. Watsala ndi wa anthu aja okhala m'maofesi ofunda, oganiza kuti mwamuna wa kuno angaulule kufooka kwake kwa mlendo pa foni. Akanabwera kudzaima pa siteji tsiku la chipatala, akanaona okha ndi maso awo.

Ine ndi a Dörte tikupita kukaonana ndi a khonsolo, koma akuti ndondomeko yatsopano ya mabasi anasindikiza kale. Tjark wati Khirisimasi ikadutsa abwera ndi munthu wodzaona mtengo wogulitsira nyumba.

Choncho ndili ndi pempho. Mwakhala mukunena kuti mudzabwera chaka china. Chaka china m'nyumba muno mudzakhala eni ake ena, ndipo inu mudzangoisuzumira pa mpanda. Bwerani Khirisimasi ino, mudzagone m'chipinda chathu chija komaliza, mudzasankhenso za amayi zimene mukufuna, chifukwa kumene tikupitako kabati yawo sikwana pakhomo.

Mundiperekere moni kwa ana ndi zidzukulu zonse. A Dörte akuti akukumbukani.

Alamu anu ali pompano pa mpando wawo. Ndawafunsa kuti ndikulembereni chiyani za iwo, ndipo cholembera chinali chitayamba kale kulemba zamasiku onse zija, zoti ali bwino. Koma iwo ati, "Muwauze zoona alamu angawo."

Ndiye zoona zake ndi izi. Diso lamanzere linatheratu, lamanja likutsatira. Akuopa, ndipo inenso ndikuopa. Bwerani akadali okhoza kuona nkhope yanu.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Almut