Mkazi wamwala pachithunzi chanu

Okondedwa alongo anga ba Lazaro,

Ndikhulupirira muli bwino ku Italiyako. Kuno ku Mpanshya tilipo, kungoti mwendo wa amayi ukuwavutabe.

Zithunzi zanu zinafika Loweruka. Nditangoona choyamba, muli pakati pa ophunzira anu a Chingelezi pa yunivesite, zinazo sindinaziyang'anenso. Ndinanyamula envulopu yonse kupita nayo ku Misa kuti ndikanyadire. Titatuluka m'tchalitchi ndinaipereka ndi manja awiri kwa apongozi anu, atate a mkazi wanu Monika, ali pamodzi ndi atcheyamani a chipani.

Chachitatu chinali cha kunyumba yosungiramo zinthu zakale. Mwaima mukumwetulira pafupi ndi mkazi wosemedwa pamwala, wopanda ngakhale kansalu m'chiuno. Apongozi anu anachiyang'ana, nachitembenuza, n'kundifunsa chapansipansi, "Mwana wanga, kodi uku n'kumene amaphunzitsira?" Atcheyamani, omwe aja amatuma anyamata kumasula mipendero ya madiresi aafupi, anangotsokomola. Ndinafuna kunena kuti ndi mwala chabe, koma ndinangobweza zithunzizo mu envulopu. Monika anachiona nayenso, nabwerera kunyumba yekha.

Ndinapupuluma ndine, koma nanunso, alongo, kwanu mukukudziwa. Chonde alembereni apongozi anu mwaulemu, ndipo Monika mumulembere payekha.

Amayi akana kutaya chithunzicho, akuti nkhope yanu yaoneka bwino. Adula kansalu ka chitenge, amuveka mkaziyo pomata ndi phala, ndipo tsopano muli pakhoma nonse awiri, ovala.

Ambuye akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Agnesi