Wadyera Sakudyanso Hatchi

Lachiwiri, 4 Juni

Bambo agonjanso. Kasanu ndi kawiri motsatizana. Chidwalire sitiroko, ntchito yawo ndi chesi ya pa kompyuta yakale ija. M'mawa mankhwala, kenako pampando mpaka masana. Pulogalamuyo anaipatsa dzina loti Wadyera. Amaisiyira hatchi poyera, iyo n'kuthamangira kudya ndi mfumukazi, mfumukaziyo n'kutsekeredwa pakona. Zaka khumi ndi ziwiri msampha womwewo, phwete lakenso lomwelo. Koma masiku ano Wadyera sakudya hatchi.

Ine miyendo yatupa ndi kupalasa makina osokera.

Lachisanu, 7 Juni

Bambo sanadye. Andipatsa makiyi a kabati ya mankhwala, ati ndizisunga ine, angadzamwe kawiri. "Mutu wayamba kutha, mwananga. Adokotala ananena kuti zidzayamba chonchi." Ndinawakalipira, kenako ndinakalirira kubafa. Madiresi anayi a operekeza ukwati akundidikira. Zipi ndilibe.

Lamulungu, 9 Juni

Achimwene pafoni, kunyadira ngati achita chanzeru. Kani atabwera mwezi watha anachotsa pulogalamu yakale n'kuika yatsopano. Osauza munthu! "Yakale ija chinali chidole, mlongo. Mutazipikisanitsa ka 100, yatsopanoyi ipambana konseko." Zikomo kwambiri, achimwene. Munthu wobwera kamodzi pachaka, kudzakonza chinthu chosawonongeka.

Ndawafotokozera bambo. Sakukhulupirira. Ati ndikuwanyengerera ngati mwana. Bolodi pa sikirini ndi lomwe lija, nanga aona bwanji kusiyana kwake?

Lachitatu, 12 Juni

Kwa wokonza makompyuta, ola lathunthu chiimire. Akuti zatsopanozi zimaona patali kuposa katswiri aliyense wamoyo, koma zimatheka kuzichepetsa mphamvu. Tachepetsa. Imasewera bwinobwino, kenako mwadzidzidzi n'kungotaya mfumukazi popanda chifukwa. Bambo anapambana, osaseka, n'kuzimitsa kompyuta. "Wadyera ankalakwa chifukwa cha dyera. Uyu akundimvera chisoni."

Ndatopa. Ndatopa ndi chesi, ndi mankhwala, ndi kukhala mwana amene anatsala pakhomo. Achimwene atumiza kauthenga kofunsa ngati bambo akuikonda.

Lachinayi, 20 Juni

Sabata yathunthu kusanthula nyumba. Ka CD ka pulogalamu yakale ndakapeza m'sutikesi ya malemu amayi, mu envelopu ya makadi akuchipatala. Amayi ndi kusunga zinthu! Wokonza uja anaseka, ati zimenezi anaziona komaliza ali pasukulu, koma waikamo. Bambo sindinawauze. Mawu anga sawamva, aone okha Wadyera akudya hatchi. Akapambana, makiyi awo ndiwabwezera.

Ndagula zipi. Ndadzipeza ndikuimba posoka.

Lachisanu, 21 Juni

Ndinaima kumbuyo kwawo ndi kapu ya tiyi. Anasiya hatchi poyera. Wadyera anadya nthawi yomweyo, dyera lake lija. Chotsala n'kukankha msilikali mmodzi, wa kumanzere, basi mfumukazi watsekeredwa. Ngakhale ine ndimadziwa, ndaonerera zaka zonsezi.

Dzanja lawo lili pamawusi. Mphindi zisanu. Khumi. Tiyi anazizira m'manja mwanga. Anasuntha mfumu.

Atagonja anacheuka. "Ndi yatsopano ija, eti?"

Ndinati inde bambo, yatsopano, palibe munthu amene amaigonjetsa.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapempha buledi, adya zidutswa zitatu.

Makiyi ndisunga.