Funso la Fiziyo Si Moni

Romford, London
12 Marichi 2025

Okondedwa Lyson,

Ayi ase, sanandichotse! Wakuuza zimenezo ndani? Loweruka ndinali pa benchi, inde, koma benchi si kuchotsedwa. Dikira ndikufotokozere, ngakhale ndatopa moti ndikhoza kugona papepala pomwepa.

Ukudziwa kale mmene ragibi yandiyendetsera. Kalabu yoyamba ija inkangondibwereketsa uku ndi uku ngati wilibala, ina inagwa sizoni ili mkati, tinangomva pafoni kuti musabwerenso. Zaka 24, koma mawondo ndi a nkhalamba. Ine ndi nambala 3: pa sikiramu, pamene timakolana mapewa n'kukankhana ngati ng'ombe, ndimakhala kutsogolo, ndipo kulemera konseko kumathera pakhosi panga. Kontirakiti yanga pano ikutha mu Juni.

Ndiye tamvera. Tili ndi fiziyo, mayi wachikulire woona za matupi athu. M'mawa uliwonse amati, "Killian, uli bwanji lero?" Ine, "Ndili bwino, kaya inu?" Sizoni yonse choncho! Munthu wamkulu wakupatsa moni, ungayambe kumudandaulira za khosi? Kwathu ku Chipata ngakhale wogona pamphasa amati ndiliko.

Sabata yatha anandimva ndikuyankha choncho Tonderai, mnzanga wa mu timu, wa ku Zimbabwe koma makolo ake ndi a ku Dedza. Anandikokera pambali.

"Iwe mbuzi, ukuganiza mayiwa akukupatsa moni? Akufunsa thupi! Ukati bwino, amakauza kochi kuti bwino."

"Nanga amamwetuliranji?"

"Kuno amamwetulira ngakhale akukudula mwendo. Kodi sukulu unapitiranji?"

Tinaseka mpaka misozi. Mawa lake ndinayesera. Ndinati, "Mayi, khosi likulimba pang'ono." Pang'ono basi ndi mmene ndinanenera. Anandigwiragwira, kumwetulira kuja kunatha, n'kufunsa kuti zayamba liti. Benchi ija inachokera pamenepo. Ndipo pamalo panga anaika kamnyamata ka zaka 19, khosi ngati mtondo, kanasewera bwino mochititsa manyazi. Ndinakaombera m'manja, nanga ndikanatani?

Dzulo kochi anandiitana. Akuti akufuna kundiona ndikusewera Loweruka lino asanaganize za kontirakiti. Koma Lachisanu fiziyo andifunsa kaye funso lawo lija. Ndikati bwino, ndilowa. Ndikanena zonse, ndiye sikani, kukajambula khosi kuchipatala, mwina miyezi ndili panja, Juni n'kundipeza ndilibe timu. Kale ndinkayankha mosadziwa, ase. Tsopano ndikudziwa chimene akufunsa, ndipo mu sitima pobwerera kunyumba ndimangoyeserera mayankho onse awiri ngati wamisala. Tonderai akuti khosi ndi limodzi, makalabu ndi ambiri. Amatero chifukwa kontirakiti yake ikutha chaka chamawa.

Upereke moni kwa alamu a Esnat ndi kamwana. Anyamata a pabwalo uwauze jezi zija sindinaiwale. Ukawaona amayi ku tchalitchi uwauze kuti ndikudya, ndanenepa, benchi ndi kupuma chabe. Za khosi ayi, chonde. Kalatayi ndiijambula ndikutumizire pafoni. Lachisanu ukayang'anenso foni, chimene ndidzayankhe udzakhala woyamba kuchimva.

Pepa zilembozi zapindika chonchi. Ndalemba ndi lamanzere, zala zakumanjaku sizikumva cholembera.

Ndine mnzako,
Killian