Asatsitsenso Matabwa pa Jenda

Champhira,
Mzimba.
26 Okutobala 2003

Achemwali anga a Perpetua,

Dzina ndi Zondwayo Shaba, wapampando wa komiti ya sukulu yathu kuno. Ndalilemba poyamba, moni asanabwere, kuti mukadzamva zoti mng'ono wanu ndi mkazi wouma mtima mudziwe pakamwa pomwe mawuwo adatulukira.

Tsopano moni. Muli bwanji kumeneko ku Mponela? Mwendo wa amayi uja udaphwa? Nanga ana? Ife kuno tilipo, m'thupi mokha. Mwana wathu Mwawi wayamba kuyankhula, koma Chichewa chake n'chosakaniza. Ukamupatsa mbatata akuti yewo chomene, ngati nkhalamba ya konkuno.

Mukudziwa kale kuti alamu anu a Yoram adawatumiza kuno kudzaphunzitsa ukalipentala, koma owatumawo adaiwala kuti ukalipentala umafuna matabwa. Adapeza chipinda, mabenchi awiri, sowo ndi pulena zadzimbiri. Akomiti adalonjeza kuti aziwathandiza. Thandizo lenileni lidachokera kwa inu, pamene mudapempha amuna anu, alamu anga a Bestone, kuti akamachokera ku Chikangawa ndi lole azititsitsirako pa Jenda matabwa okanidwa kumacheka, ine n'kumakawatenga pangolo. Zimenezo sindidzaiwala. Chomwe sindinakuuzeni ndi komwe matabwawo akhala akupita.

Kuno munthu akamwalira amadula bango lofanana ndi msinkhu wake, n'kupita nalo kwa kalipentala. Chaka choyamba kudamwalira kamwana ka mlonda wa pasukulu, ndipo a Yoram, ndi chifundo chawo chija, adakhoma kabokosi. Basi, njira idatseguka. Kuyambira pamenepo bango lililonse la midzi ino limathera pakhomo la wekishopu. Ana akangoona munthu akubwera nalo amatseka okha makope. Inunso mukuona mmene maliro achulukira zaka zino. Ophunzira a alamu anu bokosi angakhome atatsinzina, koma auzeni apange mpando wa miyendo inayi yofanana muone. Ndipo palibe adabwezapo ngakhale msomali umodzi. Amangoti yewo asambizgi, ndiye kuti zikomo aphunzitsi, mbwenu anyamula bokosi, ulendo. Paja walira mvula walira matope. Ndidalira matabwa ine.

Chaka chino a Fomu 4 analipo asanu ndi anayi, ndipo aliyense amayenera kupanga katebulo pamaso pa woyesa mayeso. Matabwa omwe alamu adatsitsa mu Ogasiti anali abwino kuposa onse, choncho sindinawapititse kusukulu. Ndinawalowetsa m'nyumba, kunsi kwa bedi, n'kuwauza a Yoram kuti wowafuna ayambe wandiyeza ineyo ndi bango.

Kutatsala sabata kuti mayeso achitike, a Yoram anakwera basi kupita ku Mzimba boma kukapempha guluu ndi misomali ku ofesi ya zamaphunziro. Anakawayankha kuti aphunzire kugwira ntchito limodzi ndi anthu a m'dera. Tsiku lomwelo kunamwalira amalume awo a Shaba, ndipo anthu a m'dera anabweradi.

A Shaba sanapite ku wekishopu. Anafikira kunyumba kwanga, bango lili m'manja, lalitali ngati mzati, poti malemuwo anali chimunthu. Anayamba ndi ndapota amama, ndapota, mawu ofewa ngati akupempha madzi akumwa. Ndinawapepesa za malirowo monga mwa mwambo, kenako n'kuwauza kuti matabwa alipowa ndi a mayeso a ana, ndipo pa Jenda pali ogulitsa mabokosi, si patali kwa munthu wa ng'ombe ndi ngolo ngati iwo. Anandifunsa ngati mphunzitsi ndine. Ndinati ayi, koma matabwawo ndi a kwathu. Anafunsa ngati mayeso amanunkha akachedwa, poti mtembo umanunkha. Ndinati amalume awo ndi mmodzi, ana ndi asanu ndi anayi. Anangogoneka bangolo pakhomo panga mopingasa, n'kumapita.

Achemwali, simudziwa kulemera kwa bango. Ndinalidumpha popita kumadzi, ndinalidumpha pobwera. Masana anafika amayi a m'mudzi n'kukhala pansi pabwalo langa, kumangoyang'ana chitseko. A Yoram atabwera anaona amayiwo, anaona bango, sanandifunse n'komwe. Anagwada n'kuyamba kusolola matabwa kunsi kwa bedi. Ndinawagwira malaya. Anandiuza motsitsa mawu kuti ndife alendo, nanga tsiku lina bango litadzakhala la Mwawi, adzatikumbira manda ndani? Ndinawasiya. Nawonso sindinawakhululukire, koma imeneyo ndi ya m'nyumba.

Bokosilo analikhoma ana omwewo a mayeso. A Shaba anafuna chivindikiro chokongoletsa, ndipo matabwa otsala anati akayale m'manda kuti dothi lisagwere bokosi. Silinatsale ngakhale thabwa loti n'kutsekera khola la nkhuku.

Kumanda ndinapita, ndinalira nawo. Nthawi ya zolankhula itakwana, a Shaba anathokoza onse m'Chitumbuka, kenako anatembenukira ku Chichewa kuti ine ndisaphonye liwu. Anati aphunzitsi ndi munthu wa Mulungu, koma adakwatira mkazi wofungatira matabwa ngati nkhuku pamazira uku mtembo ukudikira padzuwa. Anthu anaseka, achemwali. Pamaliro! Mpaka lero ndikafika pamjigo nkhani zimaduka, ndipo tiana ta m'njira timandiitana kuti Nyamathabwa, ndiye kuti mayi wa matabwa.

M'mawa wa tsiku la mayeso a Yoram anaphwasula bedi lathu. Linakwanira ana atatu okha, ndipo matabwa ake anali mabowo a misomali okhaokha, ongong'aluka sowo ikawakhudza. Ana enawo anaima chimanjamanja. Woyesa mayesoyo anali bambo waulemu. Anadikira, anayang'ana wotchi, analemba zake, anakwera njinga yamoto. Pakati pa oimawo panali Fyness, mtsikana yekhayo m'kalasimo, amene a Yoram ankati dzanja lake limaposa anyamata onse ndipo adzafika ku sukulu ya ntchito zamanja. Ndiye amene anapala chivindikiro chija mpaka kuwala. Ndinamuona pa Jenda Loweruka akukweza beseni la tomato m'mawindo a basi. Anayang'ana kumbali. Sindimudzudzula.

Komiti inakhala sabata yatha. Agwirizana kuti chaka chamawa phunziro la ukalipentala lithe, poti likungogwetsa ana ndi kuipitsa mbiri ya sukulu. A Yoram aziphunzitsa masamu a Fomu 1. Koma wekishopu ayi, isatsekedwe, zida zikhale momwemo, makiyi azisunga a Yoram omwewo, chifukwa akuti imathandiza mudzi. Anayambitsa mfundoyi ndi a Shaba. Potuluka anawagwira alamu anu paphewa n'kuwafunsa kuti kodi lole ija ibweranso liti, poti nyengo ya mvula maliro amachuluka.

A Yoram sanadandaule kwa aliyense. Kale Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ankakhala pakhonde n'kumanola mpeni wa pulena, kwinaku akuimba. Tsopano amangokhala, manja ali pamaondo. Anapempha kuti awasamutse, koma awauza kuti sukulu zokhala ndi wekishopu n'zochepa ndipo zonse zili ndi eni ake. Tikugona pamphasa, msana wanga ukudziwa. Akulu ampingo anabwera kudzandiuza kuti ndikhululuke. Ndinawafunsa kuti wapepesa ndani. Anamwa tiyi wawo n'kutsanzika.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikulemba manyazi atandigwira. Auzeni alamu a Bestone asatsitsenso matabwa pa Jenda. Akafika pamenepo aponde mafuta, asandiyang'anenso m'mbali mwa msewu. Muwathokoze kwambiri. Ndikudziwa kuti ankachita kuchonderera abwana awo, ndipo ankakweza okha matabwawo pamwamba pa katundu. Muwauze zoona, kuti thukuta lawo lonse lili pansi pa dothi la Champhira, chiswe chikudya. Ndinafuna kuti mwamuna wanga akhale mphunzitsi weniweni, wokhala ndi chophunzitsira. Ndalephera. Koma kuti ndizikwera ngolo kukatutira mudzi mabokosi, zimenezo ayi.

Mundiperekere moni kwa amayi. Muwauze kuti tili bwino, zinazi musawauze. Moni kwa atsibweni ku Madisi, kwa azakhali, kwa alamu, ndi kwa ana anu onse, makamaka Monica. Mumuuze alimbikire masamu, poti masamu palibe angabwere kudzawanyamula kupita nawo kumanda. Mwawi akuti yewo.

Bango lija a Yoram anangoliyeza ndi tepi n'kulisiya, ndipo palibe anabwera kudzalitenga. Ndaliimika kuseri kwa chitseko. Tsiku lomwe adzabwere ndi bango la a Shaba, ndidzawapepesa monga mwa mwambo, kenako ndidzawalowetsa m'chipinda aone pomwe panali bedi.

Ndathera pomwepa. Musandifunse poyankha kalatayi, musandifunse ndikabwera pa Khirisimasi. Nkhani iyi sindidzaikambanso.

Ndine mng'ono wanu,
Kezia